Anamata Swichi ya Makina, Mkazi Wake Nkutaya Diso

Panali bambo wina, munthu wamkulu ndi ndevu zake, yemwe ankalemba mayina pa makapu ndi mabotolo achitsulo pashopu yake. Ankagwiritsa ntchito makina a leza, aja amaotcha zilembo ndi kuwala. Poti kapu ndi yobulungira, mkati mwa makinawo ankaikamo kachida ka timawilo totembenuza kapu pang'onopang'ono kuwalako kukulemba.

Anamuphunzitsa ntchitoyi ndi mlamu wake, mchimwene wa mkazi wake. Tsiku lomwe ankamumangira kachidako anamuuza mobwerezabwereza kuti makina asamayake chivindikiro chili chotsegula, ndipo munthu asamayandikire wopanda magalasi oteteza maso, chifukwa chitsulo chonyezimira chimabweza kuwala ngati kalilole. Bamboyo anangoseka, amvekere alamuwa mantha achuluka, amaopa ndi tochi yomwe.

Kenako kunabwera oda ya ukwati, makapu akuluakulu okhala ndi zogwirira. Ataika kapu yoyamba pa timawilo, chivindikiro chinakana kutsekeka, ndipo makina anangoti zii, poti anapangidwa kuti asamayake ali otsegula. Njira yabwino inalipo, kumasula tebulo la mkati nkulitsitsa, koma iye anati alibe nthawi yosewera ndi masipanala. Anatenga selotepi nkumata kaswichi ka chivindikiro. Makina anayaka ali yasa.

Vuto lina linatuluka. Chogwirira chija chinkalemera mbali imodzi, kapu nkumaterereka pa timawilo, mayina a akwati nkumatuluka okhota. Ataononga makapu angapo anapsa mtima, nkukuwira mkazi wake yemwe ankasita zovala kuchipinda chakumbuyo. Anamuuza kuti agwirizize kapu ndi chala uku akuyang'anitsitsa ngati mzere ukuwongoka. Magalasi analipo amodzi okha, ndipo anali pamphuno pa bamboyo.

"Bambo a mwana, achimwene aja si anati tisamayandikire chonchi?"

"Achimwene akowo ndi amene amadyetsa nyumba ino? Werama apa, nthawi ikutha."

Mayi uja anawerama. Kapu itatembenuka kufika pokhota pa chogwirira, china chake chinang'anima. Sanamve ululu. Anangoti akuona kadontho kakuda ngati ntchentche yatera m'diso lakumanja. Mwamunayo anati ndi utsi chabe, apukute m'maso, ndipo anamugwiritsa makapu onse otsala mpaka oda inatha.

Kadontho kaja sikanachoke. Akayang'ana nkhope ya mwana wake ndi diso limenelo, ankaona makutu ndi tsitsi, pakati pali bii. Mwamunayo ankangomugulira mankhwala odontheza m'maso, kuchipatala ayi, kuopa mafunso. Anapita kuchipatalako tsiku lomwe mayiyo anathira madzi otentha pambali pa kapu ya tiyi nkudziotcha dzanja.

Dokotala atayeza ananena kuti mkati mwa diso munapsa, ndipo popsapo sipameranso. Atafunsa chomwe chinachitika, bamboyo analumphira kuyankha kuti mkazi wake anayang'ana moto wa owotcherera zitsulo pamsewu. Mayi uja anatembenuza mutu wonse kuti amuone bwino ndi diso lotsalalo, kenako anafotokozera dokotala zonse, kuyambira pa selotepi.

Mlamu atamva anafika pashopu asanavule ndi ovolosi yomwe. Anapeza selotepi ikadali pomwepo, bamboyo akulemba botolo lina chivindikiro chili chotsegula. Anazula waya kukhoma. Bamboyo anayamba zoti inali ngozi, zoti palibe akanadziwa, zoti makinawo mwina anabwera ndi vuto. Mlamuyo sanakweze mawu. Ulemu wa pachilamu anausiya pakhomo.

"Ukanakhala kuti sunkadziwa, magalasi aja sukanavala. Unateteza maso ako nkuika a mlongo wanga pamoto. Usadzanditchulenso kuti alamu."

Tsiku lomwelo mayiyo analongedza zovala zake ndi za mwana nkupita kwa mchimwene wake. Akwati aja anamwera m'makapu awo osadziwa kanthu. Bamboyo amapitabe kukapepesa atanyamula tizipatso m'jumbo. Mkaziyo samuthamangitsa. Amamupatsa mpando, koma nthawi zonse amauika kudzanja lake lamanja, mbali yomwe saona.

Phunziro: Chotetezera chilichonse pa makina chinaikidwa chifukwa wina anavulalapo kale, musachimate, musachichotse. Ndipo ngati ntchito mukuiopa inuyo mpaka kudziteteza, musaitanirepo mnzanu ali chimanjamanja. Oda mudzapeza ina, diso silipezekanso. Tumizirani uthengawu aliyense wogwira ntchito ndi makina, makamaka uja amati wazolowera.