Njerwa za Kumutu kwa Bedi

Mbale ya phala inaphwanyikira pakhoma.

"Mng'ono wanga wawonda ngati bango, inu n'kumamupatsa zimenezi?" anakuwa mkulu wa wodwalayo, atagwira mlamu wake pamkono.

"Alamu, adokotala analetsa zamafuta ndi tsabola," anatero mkaziyo. "Chilungulira chafika powawotcha kukhosi."

"Chilungulira chinaphapo ndani?"

Anamukankhira pachitseko mpaka mlomo unang'ambika. Kuchipinda anapeza bedi litakwezedwa kumutu ndi njerwa. Anazisolola n'kuziponya pawindo, galasi n'kumwazika.

"Munthu azigona chopendekeka ngati ali muwilibala?"

Wodwalayo anali asanatsutsepo mkulu wake chibadwire. Anadya nyama yonona imene mkuluyo anamubweretsera, kenako anagonekedwa chagada kuti apume.

Sipanapite nthawi, madzi owawa anakwera kuchokera m'mimba n'kumutsamwa. Anadzigwira pakhosi, maso atatong'oka, mpweya ukukana kulowa. Mkazi wake anamudzutsa n'kumuyedzamiritsa paphewa mpaka anatsokomola.

Mkulu uja, thukuta lili kamukamu, anagwada n'kunyamula bedilo kumutu ndi manja ake.

"Alamu, ndiye nditani tsopano?"

Mkaziyo anapukuta magazi pamlomo ndi nsonga ya nsalu.

"Ingogwirani choncho, alamu. Njerwa zija zasweka."