Mchenga Pansi pa Galimoto

Panali bambo ena ake, ndipo amene anandiuza nkhaniyi amakhala nawo moyandikana nyumba. Anthu ankawatchula kuti a Ndikudziwa, chifukwa ukangoyamba kuwalangiza, usanamalize n'komwe, yankho linali lomwelo. Anali ndi galimoto yakale, ndipo m'mawa uliwonse ankapititsa kusukulu ana anayi a maneba. Wachisanu anali mwana wawo wamkazi wa zaka zisanu ndi zinayi, amene ankakhala mpando wakutsogolo.

Lolemba lina chiwongolero chinayamba kulira akamakhota. Anapita kugalaja ali ndi akazi awo. Amakaniko anatsegula boneti n'kuwaonetsa kathanki ka pulasitiki kosungira oyilo wa chiwongolero. Kanali katang'aluka m'munsi, pamene pamalowa paipi.

"Aka katha, achimwene," anatero amakaniko. "Katsopano kafika Lachinayi, ndipo kuika kwake ndi theka la ola basi. Koma mpaka tsikulo galimotoyi iime. Oyiloyu akakutherani pamsewu, chiwongolero chiuma gwa, simukhota."

"Ndikudziwa," anatero bambo aja.

Pobwerera akazi awo ananena mosapita m'mbali: "Mwamva nokha. Mwana wanga sakweranso muno mpaka mutakonzetsa."

Koma a Ndikudziwa zinawavuta kuuza maneba kuti galimoto yafa. Ankaopa kusekedwa, poti iwo omwe ankadzitama kuti galimoto yawo sigona pagalaja.

Mawa lake ali pamalo omwetsera mafuta akuthira oyilo, kunabwera munthu wina wovala ovolosi, wosamudziwa n'komwe. Anasuzumira mu injini n'kuseka.

"Bwana, kavuto aka? Amagalajawa ntchito yawo ndi kuopseza anthu. Ndipatseni mphindi khumi."

Anatulutsa guluu ndi soda m'thumba, n'kumata mng'alu uja mpaka panauma ngati mwala. Kudontha kunasiya. A Ndikudziwa anafika kunyumba akuimba mluzu.

"Ndakonzetsa, mayi. Kathanki kafika msanga, aika katsopano."

Mayi aja anakhulupirira. Amuna ako akakuuza akukuyang'ana m'maso, ungakatsegule boneti?

Panangopita masiku awiri. M'mawa mwana uja akumanga zingwe za nsapato pakhonde, anaona madontho ofiira pasimenti, pansi pa galimoto.

"Adadi, galimoto ikutuluka magazi."

"Si magazi, ndi oyilo. Usawauze amayi ako, angadandaule zopanda pake."

Anatapa mchenga n'kuwaza pamenepo, kenaka anathira oyilo wina m'kathanki. Tsiku lomwelo amakaniko anaimba foni kuti katsopano kafika.

"Ndikudziwa, ndibwera," anayankha. Sanapite. Akanapita bwanji, kunyumba atanena kale kuti anakonzetsa? Ndiye m'mawa uliwonse inali ntchito yomweyo: mchenga pansi, oyilo m'kathanki, ana m'galimoto.

Lachiwiri la sabata yotsatira kunacha ndi mvula, ndipo anali atachedwa. Atatenga botolo la oyilo anapeza mulibe ngakhale dontho. Anaima kaye nalo m'manja. Ana anali atakwera kale, akukuwa kuti belu lilira.

"Kusukulu si kutali," anadziuza okha.

Chiwongolero chinalira njira yonse. Pafupi ndi sukuluyo pali mtsetse, ndipo kumunsi kwake msewu umakhota kwambiri, m'mbali muli ngalande yasimenti. Anatsetsereka mothamanga. Atafika pokhota, anapotoza chiwongolero, koma chinakana. Anakoka ndi manja onse awiri, chikungosuntha pang'ono. Anaponda mabuleki, matayala n'kutsetsereka pamsewu wonyowa.

"Adadi!"

Galimoto inakalowa m'ngalande cha mbali ya kumanzere, kumene kunali mwana wawo.

Ana a maneba anatuluka ndi mabala ang'onoang'ono, akulira. A Ndikudziwa sanakalike ngakhale pang'ono. Koma mwana wawo mwendo unapanikizika ndi chitseko, ndipo anthu anavutika pafupifupi ola lathunthu kuti amutulutse. Kuchipatala anati fupa lathyoka pawiri. Adzayenda, koma motsimphina.

Mayi ake atafika, bambo aja anayamba kufotokoza za mvula ndi kuterera kwa msewu. Mwanayo anatsegula maso.

"Amayi, ndinawauza adadi za magazi a galimoto aja. Anati ndisakuuzeni. Ndikanakuuzani, eti?"

Mayi aja sanakalipe. Anangomusisita mwanayo pamutu n'kumuuza kuti palibe chimene iye analakwa. Atafika kunyumba anatenga tsache n'kusesa mchenga uja. Simenti yonse inali yofiira, banga lake lalikulu kuposa beseni lochapira. Kuseri kwa mgolo wa madzi anapeza mabotolo anayi a oyilo, onse opanda kanthu.

Amakaniko atabwera kudzakoka galimoto, anabweretsa kathanki katsopano kaja kali m'katoni yake. Anangokapereka kwa mayi aja. Mayiwo anakaika patebulo lodyera, pamalo pomwe amuna awo amakhala, ndipo akuti mpaka pano kali pomwepo. Bambo aja amadya akukayang'ana, uku akumva mwana wawo akukoka mwendo pochokera kuchipinda. Mawu aja akuti "ndikudziwa" palibe amene anawamvanso pakamwa pawo.

Ine nkhaniyi inandipweteka, chifukwa mwanayo mpaka lero amaganiza kuti akanangoyankhula, bwenzi akuthamanga ndi anzake.

Phunziro: Amene amaidziwa ntchito akakuuzani kuti galimoto iime, iimikeni. Musamvere munthu wongokumana naye pamsewu pa chinthu chonyamula miyoyo, ndipo musamasenzetse mwana bodza lanu. Vuto mukalikwirira ndi mchenga limapitirira kudontha. Tumizani uthengawu kwa aliyense amene amanyamula ana m'galimoto, auwerenge asanalize injini mawa.