Tsiku Lodula Mpanda

Macheka anayamba kulira m'mamawa. Aganyu ankagwetsa mpanda wa mitengo, ndipo Makaniko anaima pakhonde atapinda manja, ovolosi atamangirira m'chiuno. Mlandu anali atapambana.

Mpandawo unali wa Telala, neba wake. Kale unkalekeza m'chiuno, ndipo pakati pake panali kampata kamene ana awo aamuna ankadutsirapo. Anawo anabadwa mwezi umodzi, ankaphunzira kalasi imodzi, ndipo yunifolomu zawo zinasokedwa pamakina amodzi. Anthu ankawatchula kuti mapasa a nyumba ziwiri. Kenako mwana wa Makaniko anadwala mwadzidzidzi, ndipo sabata isanathe anaikidwa m'manda.

Kuyambira pamenepo mkazi wa Makaniko anangodzitsekera kuchipinda. Ankakhala pampando pafupi ndi zenera loyang'ana kwa Telala, osalankhula, osadya mokwanira. Nyengo yomweyo Telala analeka kumeta mpanda. Kampata kanatsekeka, nthambi zinakwera mpaka kupitirira denga, ndipo m'chipindamo munada ngati m'thanki ya galimoto. Makoma anachita chuku.

"Mayiwa akufunika dzuwa ndi mpweya," anatero dokotala. "Mapilitsi okha sangawadzutse."

Makaniko anapita kwa neba wake, n'kumupeza akupalasa makina pakhonde.

"Achimwene, sizasi mumaigwira tsiku lonse. Mpanda wokhawu ndi umene wakukanikani kumeta?"

Telala sanachotse phazi pamakina. "Usiyeni ukule, achimwene."

"Mlamu wanu akufera mumdima."

"Pepani. Sindidula."

Chimene chinamupweteka kwambiri Makaniko chinali china. M'mawa uliwonse, ngakhale m'chilimwe, ankapeza dothi la m'tsinde mwa mpandawo lili lonyowa, mbali ya bwalo lake lomwe. Munthu wouma mtimayo sanangokana kudula, ankachita kulowa pakhomo pa eni kudzathirira! Makaniko anakasuma kukhoti.

Kumeneko anafotokoza zonse: za mwana, za dokotala, za chuku, za dothi lonyowa. Woweruza anafunsa Telala ngati anali ndi chifukwa chokanira. Telala anayang'ana pansi, akupotokola chipewa chake m'manja.

"Ndilibe mawu, bwana."

"Nanga zothirira m'bwalo la mnzanu mukuzikana?"

"Ndilibe mawu."

Anthu anang'ung'udza. Mayi wina kumbuyo ananena mokweza kuti, "Wake ali moyo, angamve bwanji?" Woweruza analamula kuti mpandawo udulidwe mpaka pansi.

Makaniko sanamuuze mkazi wake za mlanduwo. Ankafuna kuti dzuwa likhale mphatso yomudzidzimutsa. Dzulo lake anamunyengerera kuti akagone kwa mchemwali wake, ndipo lero analawirira kukolopa chipinda, kupukuta magalasi a zenera ndi kuchotsa kansalu kakale kamene kankalendewera pamenepo.

Mtengo womaliza utagwa, Telala analumpha zitsa n'kufika pakhonde. Maso ake anali ofiira. M'manja ananyamula nsalu yakuda, yokhuthala, yopindidwa bwino.

"Mwapambana, achimwene. Koma tengani katani iyi. Ndasoka molingana ndi zenera lanu."

Makaniko anaseka mowawa. "Mwalephera ndi mitengo, ndiye mukufuna kutitchinga ndi nsalu? Kafundeni nokha."

Telala anaika kataniyo pampando wa pakhonde, n'kubwerera kwawo.

Mkazi uja anafika masana, atawonda, akuyenda pang'onopang'ono. Makaniko anamuchingamira kumsewu kuti alowere khomo lakumaso, asaone zitsa. Pakhomo la chipinda anamugwira mapewa.

"Tsinzinani, amayi. Ndakugulirani chinthu chimene sichipezeka m'sitolo."

Anamukhazika pampando wake uja.

"Tsopano penyani."

Dzuwa linali litadzaza chipinda chonse, pabedi, pamakoma, mpaka pachithunzi cha mwana wawo chimene chinali pamwamba pa kabati. Makaniko anamva misozi ikubwera. Anadikira kumwetulira kumene anakusowa kwa nthawi yaitali.

Mkaziyo sanayang'ane dzuwa. Anayang'ana kunja, kumene bwalo lonse la Telala linali poyera: chingwe choyanikapo zovala, kanjinga kotsamira khoma, mpira pansi pa tebulo. Nthawi yomweyo geti la kumeneko linatseguka. Mwana wa Telala analowa akuthamanga, chikwama kumsana, yunifolomu ili yothina m'mapewa. Anali atatalika kwambiri.

"Amayi, ndabwera! Njala!"

Mkazi wa Makaniko anagwira pamimba ngati wabayidwa. Anatsetsereka pampando mpaka pansi, n'kubisa nkhope m'maondo.

"Mwachita chiyani, bambo?" anafunsa monong'ona. "Ndinachita kuwagwadira alamu a Telala kuti ausiye mpandawo ukule, ndipo anandilonjeza kuti sadzakuuzani. M'mawa uliwonse, inu muli m'tulo, ndinkauthirira ndekha, kuti ndisamaone mwana wawo akukula."