Amayi Andisamutsa Wodi

"Ameneyu ndi mzamba," anatero amayi, akuthirira tiyi azakhali. "Amabereketsa."

Ndinatsala pang'ono kutsamwa. Chaka chachitatu chino ndili namwino kuwodi ya odwala matenda a maganizo, ndipo ndinachita kupempha ndekha kuti andiike kumeneko, kawiri konse. Dzulo lomweli ndinakhala pansi maola awiri ndi bambo wina wokana kudya, mpaka analandira supuni.

"Amayi, ine sindibereketsa. Ndimagwira kwa..."

Anandiponda phazi kunsi kwa tebulo. "Watopa mwanayu, alamu."



Powaperekeza, azakhali anandikokera kuseri kwa chitseko.

"Msuweni wako tikumati ali kusukulu uja, ali m'chipinda," ananong'ona. "Mwezi wachinayi uno, osatuluka, osayankhula. Udzamuone. Koma amayi ako asadziwe."