Mazira a M'khola la a Tcheyamani

Panali munthu wina kumapiri a ku Ntchisi, cha kufupi ndi Malomo, dzina lake Gregorio. Akuti zinachitikadi m'chaka cha 1979, nthawi ya chipani chimodzi ija. Gregorio anali tcheyamani wa chipani m'deralo, ndipo ntchito imene ankaikonda ngati uchi inali yotolera mphatso za alendo. Kukangomveka kuti kukubwera wamkulu wina wa chipani, iye ankayenda khomo ndi khomo ndi dengu, nyumba iliyonse mazira. Ena ankafikadi kwa mlendo, koma ambiri ankathera m'chiwaya cha kwawo. Anthu ankadziwa, koma masiku amenewo wotsegula pakamwa ankakagona kutali.

M'mudzimo munali mayi wina wamasiye, a Margareta. Mwana wawo Agnesi, wa zaka zitatu, anatupa miyendo, tsitsi lili psuu. Kuchipatala namwino anawauza kuti, "Mwanayu sanalodzedwe ayi, akusowa chakudya chomanga thupi. Zoti mwana sadya dzira zisiyeni. Muzimuswera limodzi m'phala tsiku lililonse."

A Margareta anagulitsa mbuzi yawo imodzi yokhayo n'kugula nkhuku zitatu za Mikolongwe, zakuda zija zoikira mazira akuluakulu. Posapita nthawi kutupa kunayamba kuphwa, mwana n'kuyambanso kusewera.

Ndiye tsiku lina Gregorio anatulukira ndi dengu lake.

"A Tcheyamani, awa ndi mankhwala a mwana," anatero a Margareta atagwada. "Tengani awiri, enawo mundisiyire."

"Ndiye kuti kamwana kanuka kaposa chipani? Tabwerezani, ndikanene kuboma."

Anakokolola onse. Anabweranso kachiwiri, kachitatu, ndipo ulendo wachinayi ananyamula ndi thadzi lomwe. Agnesi anatupanso, n'kusiya ngakhale kulira. Tsiku lina a Margareta akuchokera kumadzi anaona makoko a mazira a nkhuku zawo ali mbwee padzala la Gregorio. Mtima unawawa koopsa. Sanatukwane, sanalire. Anangoti chamumtima, munthu ameneyu adzandidziwa.

Thadzi limodzi mwa awiri otsalawo linafungatira, ndipo mazira asanu ndi limodzi anasukusa, osaswa anapiye. Oterewa amataya kuthengo, koma a Margareta anawaika mumphika wakale kuseri kwa nkhokwe, pamene dzuwa la Okutobala limawomba tsiku lonse. Anakhala mmenemo masabata atatu.

Kenaka kunamveka zoti kukubwera bwana wamkulu wa chipani wochokera ku Lilongwe. Gregorio ankalota udindo wa kuboma, ndiye anayenda ndi dengu ngati wamisala. Atafika kwa a Margareta anapeza mazira asanu ndi limodzi opukutidwa bwino, atakhazikidwa m'gaga m'kalichero.

"Ndakusungirani, a Tcheyamani," anatero mwaulemu.

"Mwayamba nzeru tsopano," iye anayankha, mano onse pamtunda. Paja mbuzi ikakondwa, amalonda ali pafupi.

Kunyumba mkazi wake Lidia atawayang'ana anakayika.

"Bambo, mazirawa akunyezimira ngati anakhaliridwa ndi nkhuku. Latsopano silisalala chonchi. Tiwaike kaye m'beseni la madzi. Labwino limamira, lakale limayandama."

"Iwe uziphunzitsa ine za mazira? Ndatolera mazira zaka zisanu ndi ziwiri ine."

Ankadziwa kutolera, koma kuweta ayi. Anawasanja pamwamba penipeni pa dengu chifukwa anali aakulu kuposa onse.

Tsiku la msonkhano dengu linakhala padzuwa pabwalo la sukulu kuyambira m'mawa, chifukwa bwana anafika masana. Amayi atavina, Gregorio anasenza dengu mpaka kutsogolo.

"Akuluakuluwa achokera kwa yani?" anafunsa bwana uja.

A Margareta anali pakati pa amayi, mwana kumbuyo. Gregorio akanangotchula dzina lawo, Agnesi akanatsala yekha. Koma iwo ankamudziwa Gregorio, kuti chabwino chilichonse chimakhala chake.

"Ndi a m'khola langa, bwana," anatero Gregorio mokweza kuti aliyense amve. "Nkhuku zaikira dzulo lomweli. Ndasankha ndi manja angawa, makamaka chifukwa cha inu."

Bwana anakondwa. Anatola limodzi n'kulikweza m'mwamba.

"Onani dzira la mlimi womvera malangizo," anatero, akuligogoda ndi chikhadabo.

Phuu! Dzira linaphulika. Madzi obiriwira anatsikira m'dzanja la jekete, ena kumaso. Fungo lake ngakhale galu akanathawa. Bwalo lonse linangoti zii, anthu kuluma milomo, chifukwa kuseka kokha ukanapita nako.

Bwana anaitanitsa ndowa ya madzi pomwepo. Asanu otsalawo anayandama ngati zikho.

"Bwana, si anga kwenikweni, ndi a mayi wina..."

"Wanena wekha kuti wasankha ndi manja ako, makamaka chifukwa cha ine. Unanama poyamba kapena ukunama pano?"

Anyamata a bwana uja anamugwira Gregorio. Anamuponya kumbuyo kwa galimoto, ndipo ena amati anakamutsitsa ku Dzaleka, kumene kunali ndende masiku amenewo. M'mudzi palibe anadandaula. Tcheyamani amene analowa m'malo mwake ankaopa ngakhale kuyang'ana khola la munthu.

Patapita masiku atatu Lidia anapita kwa a Margareta, maso ali ofiira. Anawapeza akudyetsa mwana.

"Mayi, chonde, kaneneni kuti mazira aja anali anu. Mwina angawatulutse."

A Margareta anapukuta mwana pakamwa, osafulumira, kenaka anadzutsa mutu.

"Amuna anu ananena pamaso pa anthu onse kuti ndi a m'khola lawo. Ine ndine yani kuti nditsutse a Tcheyamani?"

Phunziro: Usalande chakudya cha mwana wodwala chifukwa choti uli pampando, ndipo usatche chako chimene sunachivutikire, pakuti choipa chitsata mwini. Wakunyumba akakuuza kuti yesa kaye, yesa, beseni la madzi silidya nthawi. Ukawerenga, tumizira anzako, makamaka aja akangopatsidwa kaudindo amayamba kuyenda ndi dengu.