Tambala Amene Anameza Kulira

Padangotero, ndipo si kale kwenikweni ayi. Kuseri kwa nyumba ina m'tauni, Thadzi ndi mwamuna wake Tambala ankapalasa pansi pa mpiru. Tambala akapeza nyongolotsi ankaitana mkazi wake kuti adye.

Nkhunda inatera pa mpanda. "Mwamva? Akuluakulu a mzinda alamula kuti chiweto chosokosa chichoke m'tauni. Mayi wa pakhomo pano amuchenjeza kale."

Thadzi anatembenukira kwa mwamuna wake. "Bambo a ana, chonde, kulirako muzikumeza."

Masiku awiri Tambala anameza. Thadzi sankadya, ankangoyang'ana khosi la mwamuna wake likufufuma m'bandakucha uliwonse.

Tsiku lachitatu tambala wa kuseri kwa mpanda analira, n'kufunsa kuti, "Kodi uko kulibe mwamuna? Kapena tiyembekezere mazira, achimwene?"

"Musamuyankhe," ananong'ona Thadzi.

Koma Tambala anali atakwera kale pa mulu wa njerwa. Analira katatu, mokoma kuposa kale lonse.

Dzuwa lisanafike pamutu, mayi uja anatuluka ndi mpeni ndi madzi otentha.

Thadzi amapalasabe pansi pa mpiru paja. Tambala wa kuseri kwa mpanda akulirabe mpaka lero.