Mtsuko wa Bilimankhwe

Padangokhala Bilimankhwe ndi Fulu, onse amisiri oumba mbiya, ndipo ankalimbirana mtapo wa dongo kudambo la Njati. Njati atatopa ndi phokoso lawo anati, "Aliyense aumbe mtsuko. Amene wake utuluke pamoto wamphumphu, mtapo ndi wake."

Bilimankhwe anali waluso kuposa Fulu, ndipo mwini wake ankadziwa. Anaumba mtsuko wosalala bwino, nauika pamthunzi kuti uume.

Kunadutsa Nyamalikiti. "Achimwene, khosi lafupika ili." Bilimankhwe ananyowetsa dongo, natalikitsa khosilo. M'mawa mwake Mvuu anati, "Pakamwa pachepa apa, madzi alowera pati?" Bilimankhwe ananyowetsanso dongo, nakulitsa pakamwapo. Mbidzi atadandaula kuti mtsuko wopanda mizere ndi wamaliseche, Bilimankhwe ananyowetsanso, nalemba mizere.

Odutsa omwewo ankafikanso kwa Fulu. Iye ankangoti, "Zikomo, ndamva," n'kulowetsa mutu m'chigoba. Mtsuko wake unali wopendekeka pang'ono, koma unkauma.

Tsiku lootcha, moto utangokolera, mtsuko wa Bilimankhwe unangoti phwaa, poti m'kati unali usanaume. Wa Fulu unatuluka wofiira, ndipo Njati ataugogoda unalira ngwee! Mtapo unapita kwa Fulu.

Bilimankhwe anatembenuza maso uku ndi uku kufunafuna alangizi ake aja. Anawaona ataunjirira mtsuko wa Fulu, akuuyamikira. Mvuu anacheuka, nayang'ana mapale ali mbwee paphulusa.

"Koma achimwene," anatero, "ukulu wonsewu simudziwa kuti mbiya yaiwisi saotcha?"